Mzere Wofiira wa Hafu Seveni

Kupatula munthu mmodzi amene ndinamulakwira, nkhani iyi sindinauzepo wina aliyense. Ngakhale mayi anu amangodziwa kuti panali zaka zina zimene ndinkakana kupita ku Kabudula, koma chifukwa chake sindinawauze. Ana anga, inu mumandidziwa ngati munthu amene sanachedwepo kuntchito, ndipo ndamva mukuuza ana anu zimenezo monyadira. Ndalemba mutu uno kuti mudziwe zonse, musamangonyadira mbali imodzi.

Ntchito yoyamba, matipate atangoyamba

Ndinali womanga nyumba. Kuwerenga ndinaphunzira ndili kale ndi ana awiri, pa sukulu ya kwacha ya ku tchalitchi kwathu ku Mpingu, nditakhala pa benchi limodzi ndi amayi obereka makanda. Bwana Kamwendo, katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndinakumana nawo tikumanga nyumba ya aphunzitsi. Ndinawauza mwaulemu kuti chitseko cha kukhitchini, momwe anachijambulira, chizidzagunda chitseko cha kuseri. Anayang'ana pulani, anayang'ana ine, kenako anati, "Iwe uli ndi diso. Umatha kulemba?" Ndinati ndimatha pang'ono. "Pang'onopo pakwana. Ubwere Lolemba ku Namitete."

Ofesi yawo inali zipinda zitatu kuseri kwa sitolo ya mbewu. Anasankha Namitete chifukwa kwawo kunali komweko, komanso ntchito zathu zinali za kumudzi: matchalitchi, zipinda zophunzirira, nyumba za aphunzitsi, masitolo, nthawi zina nyumba ya mwini esiteti ya fodya. Munali mabolodi anayi ojambulirapo. Ine ntchito yanga inali kukayeza malo ndi tepi, kulemba mawu ndi manambala pa mapulani a anzanga, ndi kusindikiza. Makina osindikizira tinalibe. Tinkaika pulani pamwamba pa pepala lapadera, n'kuyanika padzuwa pansi pa galasi, kenako n'kulowetsa pepalalo m'paipi ya mankhwala onunkha mpaka mizere itaoneka. Mwezi wa Januwale kukachita mitambo, ntchito inkaima, makasitomala n'kumatukwana. Pepala lowala lojambulapo linkasowa kawirikawiri, choncho munthu akalakwitsa sitinkataya. Tinkapala inki ndi lezala pang'onopang'ono kuti pepala lisabooke. Pa kupala ndinali katswiri, mwina chifukwa ndinkalakwitsa kuposa onse.

Buku ndi bolopeni

Bwana Kamwendo anagwirapo ntchito m'boma nthawi ya chipani chimodzi, ndipo anabwera ndi makhalidwe a kumeneko. Akalowa, tonse tinkaimirira. Wailesi inali yoletsedwa, kuseka kunali kwa nthawi ya tiyi basi. Pakhomo panali buku lalikulu, aliyense akafika ankalemba dzina ndi nthawi. Ikakwana hafu seveni, pansi pa dzina lomaliza pankajambulidwa mzere wofiira. Wobwera pambuyo pake ankasaina pansi pa mzerewo. Mizere itatu pamwezi, kalata yochenjeza. Makalata atatu, kwanu. Iwo ankakonda kunena kuti pulani sijambulidwa ndi mpando wopanda munthu.

Patatha chaka, bwana anandipatsa ine bolopeni yofiirayo, chifukwa ndinkafika woyamba tsiku lililonse. Simungamvetse mmene ndinasangalalira. Anzanga onse anali ndi masatifiketi. Akamalankhula Chingerezi cha ntchito, ine ndinkangogwedeza mutu. Panali chinthu chimodzi chokha chimene ndinkawaposa nacho, kudzuka. Bolopeni ija ndinkaiika m'thumba la malaya kuti chivindikiro chake chizionekera, ngakhale Lamulungu ku tchalitchi.

Chaka cha denga la ku Kabudula

Mayi Makwinja anabwera chaka changa chachitatu. Dzina lawo loyamba linali Esinati. Makolo awo anachokera kummwera kudzakhala matenanti pa esiteti ina pakati pa Nsaru ndi Namitete, ndipo iwo okha m'banjamo ndi amene anapita patali ndi sukulu mpaka kuphunzira zojambula. Amuna awo analinso tenanti pa esiteti yomweyo. Anali mayi wa nthabwala, ndipo dzanja lawo pa bolodi linali loyera kuposa la bwana, ngakhale palibe ankanena mokweza. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuwerenga sikelo, rula ija yochepetsera nyumba kuti ikwane papepala. Nthawi ya nkhomaliro ankandiitana: "A Mbewe, bwerani kuno. Mukuiopa ngati njoka bwanji? Sikelo si ufiti. Apa chala chimodzi, kunja khoma lonse. Eti mwaona?" Anandiphunzitsanso kulemba zilembo zowongoka za pa pulani. Sanandisekepo pamaso pa anthu.

Mwezi wa Seputembala amuna awo anadwala chifuwa, osatha ngakhale kunyamula ndowa. Inali nthawi ya nazale ya fodya, yofunika kuthirira m'mamawa ndi madzulo. Pa esiteti lamulo linali lodziwika: nazale ikauma, munda ndi nyumba zimapatsidwa banja lina. Choncho mayi Makwinja ankayamba ndi kuthirira, kenako n'kupalasa njinga kubwera ku Namitete. Ankafika naini koloko, nthawi zina kupitirira, fumbi lili m'nsidze. Tsiku lina anandipeza pakhomo n'kunena chapansipansi, "A Mbewe, kodi simungaudikire pang'ono mzerewo? Ndi miyezi iwiri yokha, fodya akapita kumunda ndibwerera mwakale." Ine ndinayankha, "Mayi, wotchi si yanga." Anandiyang'ana, n'kusaina pansi pa mzere.

Nthawi imeneyo tinali ndi ntchito yovuta. Mpingo wina wa ku Kabudula unkafuna tchalitchi chachikulu chopanda mizati pakati, chifukwa akulu a mpingo ankati munthu aliyense azimuona mlaliki, pasapezeke wogona kuseri kwa mzati. Denga lake linatisokoneza tonse. Bwana anajambula kawiri, n'kung'amba. Mayi Makwinja anamangirira kabolodi kakang'ono pa njinga Lachisanu, osauza munthu koma ine, chifukwa ndine ndinkatseka ofesi. Lolemba anafika mochedwa monga mwa masiku onse, n'kundipatsa pepala lokulunga. "Denga lija ili. Ndajambula pakhonde Loweruka ndi dzulo masana, pakati pa kuthirira. Manambala ndalemba ndi pensulo, mulembe inu ndi inki, dzanja lanu lizizolowera." Anapita ku bolodi lawo.

Ndinali nditangomaliza kulemba pamene bwana anaima kumbuyo kwanga. Anayendetsa chala chawo pa mitanda yonse ya dengalo. Kenako anandimenya paphewa. "A Mbewe! Zaka zanu za pamwamba pa madenga zija sizinapite pachabe, eti? Izi ndiye nzeru za mmisiri. Lembani dzina lanu apa." Analoza kabokosi ka pansi kolembamo wojambula. Kanali koyamba kunditchula kuti a Mbewe, kale lonse ndinali iwe. Mayi Makwinja anali m'chipinda china. Ndikanatha kunena mawu anayi okha: ajambula ndi mayi Makwinja. Ndinatenga cholembera n'kulemba dzina langa ndi zilembo zowongoka zimene anandiphunzitsa iwo.

Sabata yomweyo bwana anandiitana mu ofesi yawo. "Mayi uja wa ku esiteti, mpando wake ndimaupeza wopanda munthu m'mawa uliwonse. Kodi pali chimene akuchita?" Ana anga, sindinanene bodza ndi pakamwa, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi zimenezo. Ndinangotsegula buku n'kulitembenuzira kwa iwo. Dzina la mayi Makwinja linali pansi pa mzere tsamba ndi tsamba. Ndinkadziwa kuti ndikanena zoona za nazale, zidzatulukanso za denga. Ndinkaopanso chinthu china chimene lero ndikuchivomera: ngati munthu angafike naini koloko n'kugwira ntchito yoposa tonse, ndiye ine wofika sikisi koloko ndinali ndani?

Bwana anawachotsa ntchito mayi Makwinja kumapeto kwa Okutobala, makalata atatu asanakwane n'komwe. Akumanga zinthu zawo pa njinga, ananditsanzika: "Tsalani bwino, a Mbewe. Denga lija muwauze amisiri asachepetse mabawuti, ndawerengera onse." Pambuyo pake ndinamva kuti banja lawo linachoka pa esiteti. Ine anandikweza kukhala kapitawo wa ofesi. Tchalitchi chinamangidwa, pa tsiku lotsegulira ndinanamizira malungo.

Zaka za kusowa kwa mafuta

Bwana Kamwendo atakalamba, ofesi anasiyira mwana wawo wamkazi, mayi Tadala, amene anaphunzira ntchito yomweyo. Ndinawadziwa akadali mwana wa sukulu, choncho ankanditcha bambo Mbewe ndipo sankalola kuti ndiziimirira akalowa. Mabolodi anapita kuseri, panabwera makompyuta. Wailesi inayamba kulira. Anthu ankaseka nthawi iliyonse, ndipo ine anandipatsa dzina loti a Mzere, poganiza kuti sindikumva. Buku lokha mayi Tadala sanaligwire, chifukwa bambo awo anawauza kuti za bukulo azimvera ine.

Kenako inafika nyengo ija mafuta anasowa, maminibasi n'kumagona pa mizere ya kumalo omwetsera, magetsi n'kumazima tsiku lonse. Anthu ankavutika kufika hafu seveni, n'kudzakhala manja lende kutsogolo kwa makompyuta ozima mpaka masana. Mayi Tadala anati, "Izi n'zopanda nzeru. Aliyense atenge laputopu, azigwirira komwe kuli magetsi kapena sola. Tizikumana Lolemba ndi Lachisanu. Ine chimene ndikufuna ndi pulani pa tsiku limene tapangana." Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati anthu azikagona, ndinati ofesi isanduka msika, ndinati bambo awo akamva adwala. Tinagwirizana zapakati: masiku ovuta kwambiri anthu azigwirira kunyumba, koma masiku ena onse buku likhalepo. Ndinapitiriza kujambula mzere wanga, ngakhale tsiku limene pamwamba pake panali dzina langa lokha.

Seputembala wina, a Jumbe, bambo wa ana anayi amene ankajambula bwino kwambiri pa kompyuta, anapempha kuti azifika teni koloko kwa miyezi iwiri. Anali ndi munda wawo wa fodya cha ku Nsaru, akazi awo anali atangochira mwana, nazale inalibe wothirira. Anati madzulo azitsalira, Loweruka azigwira. Nditamva mawu oti nazale, ndinakumbukira mayi Makwinja. Mayi Tadala anandiitana Lolemba. "Bambo Mbewe, maganizo anga mukuwadziwa. Koma bukuli bambo anapatsa inu, ndipo sindikufuna kukulandani ngati mwana. Mukati likhale, likhala, a Jumbe asankha pakati pa fodya ndi ntchito. Mukati lichoke, lichoka kwa onse. Mundiyankhe Lachisanu."

Munthu wina angaganize kuti zinali zosavuta. Kwa ine sizinali choncho. Kunena kuti buku lichoke kunali kuvomera kuti mayi Makwinja anachotsedwa popanda chifukwa, ndipo zaka zonsezo ndinkaumirira pa mzere uja kuti ndisavomere zimenezo. Lachiwiri ndinadutsa pa tebulo la a Jumbe, iwo n'kunena moseka koma maso osaseka, "Akulu, mutiganizire. Fodya sadziwa hafu seveni."

Lachitatu kunabwera wamalonda wina wa ku Nambuma ndi pulani ya sitolo yojambula pamanja, kufuna kuti tiione tisanaitumize ku khonsolo. Anyamata a makompyuta anaizungulira ngati aona chinthu chakale cha m'nyumba yosungira zakale. Ine nditaiona ndinakhala pansi. Seveni aliyense anali ndi kamzere pakati, muvi wosonyeza kumpoto unali ndi kamchira kopindika. Dzanja limenelo ndinkalidziwa kuposa langa. "Anakujambulirani ndani?" ndinafunsa. "Mayi wina kwathu konko, amajambulira pakhonde. Masitolo onse atsopano a pa Nambuma ndi a iwowo. Koma musapite m'mawa, amakhala ali kudimba." Ndinapempha tsiku limodzi lopuma. Mayi Tadala anadabwa, chifukwa ndinali ndisanapemphepo.

Lachinayi, ku Nambuma

Ndinayenda pa matola awiri ndi kabaza, ndinafika dzuwa litapendeka. Nyumba sinavute kupeza, inali yokhayo m'deralo yokhala ndi khonde lotambalala loyang'ana kumene kulibe dzuwa la masana. Anali atakhala pamenepo, imvi zili mbuu, magalasi pamphuno, kabolodi kaja kali pa tebulo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anayang'ana dzanja lawo ngati pali wotchi.

"A Mbewe. Mwafika pansi pa mzere."

Ndinalephera kuseka. Anandipatsa mpando ndi madzi, anafunsa za mayi anu ndi inu nonse monga mwa mwambo. Kenako ndinavula chipewa n'kunena zonse, za kabokosi ka dzina, za buku limene ndinatembenuzira bwana. Ndinkayembekezera kuti adabwa.

"Kodi mukuganiza kuti sindinkadziwa? Pulani yosindikiza ija ndinaiona ili padzuwa, dzina lanu lili pamenepo. Zilembo zinali zowongoka bwino, ndinati koma ndiye ndaphunzitsa."

"Bwanji simunanene kwa bwana?"

"Mkazi wa tenanti wofika naini koloko, kutsutsana ndi mwini bolopeni? Ndinkadikira inu." Anavula magalasi. "Musaganize kuti zinali zopepuka, a Mbewe. Nazale ija inapulumuka, koma popanda malipiro anga sitinathe kulemba aganyu, amuna anga ali chigonere. Anatichotsa mvula ili pakati. Tinagona m'chigafa cha fodya cha achibale kuno miyezi iwiri. Mwana wanga woyamba anataya chaka cha sukulu. Zaka zitatu ndinkati ndikamva dzina lanu, chakudya chinkandikanika."

Ndinangoyang'ana pansi, pa simenti yosalala ya khondelo.

"Koma taonani," anapitiriza. "Amuna anga anachira, ali kumsika uko ndi tomato. Mwana uja ndi namwino. Ine ndinayamba ndi kujambulira munthu khola la nkhumba, lero ndimakana ntchito. M'mawa kudimba, masana pano, palibe wondiwerengera mphindi. Sindikunena kuti munandithandiza, ayi, musapite nazo zimenezo. Ndikungoti sindinafe. Ku Kabudula munapitako?"

Ndinati ayi.

"Ine ndinapita, pa ukwati wa mwana wa mnzanga. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, mlaliki ndinkamuona bwinobwino. Ulaliki sindinaumve, ndinkawerenga mabawuti. Onse alipo. Pamenepo ndiye ndinati, munthu uja mbali ina anamvera."

Apa ndi pamene ndinalira, ine mkulu wa mpingo, pakhonde la eni. Anandisiya mpaka nditamaliza. Kenako anafunsa chimene chandidzutsa patapita zaka zonsezi, ndipo ndinawafotokozera za a Jumbe ndi yankho la Lachisanu. Anawomba m'manja kamodzi.

"Ndiye mwabwera kudzafunsa chiyani kuno? Fodya wa munthu akufota, inu muli pa kabaza! Koma poti mwabwera, pali chimodzi. Pepala loyamba lija likadalipo?"

"Lili m'dirowa ya pansi. Sindinalitsegulepo."

"Mukalitsegule. Kupala mumatha, eti?"

Anandiperekeza mpaka pamsewu atanyamula thumba la tomato, n'kundikakamiza kulandira. Pobwerera, pamwamba pa matumba a chimanga m'lole, ndinaona kuti ndikupuma mpaka pansi pa chifuwa. Ndinali nditaiwala kuti munthu amapuma choncho.

Lachisanu m'mawa

Ndinafika sikisi koloko monga mwa masiku onse, chifukwa thupi silisintha tsiku limodzi. Ndinatsegula dirowa ya pansi, ndinatulutsa pepala la denga la ku Kabudula, litasanduka lachikasu m'mphepete. Ndinaliyala pa bolodi lakale kuseri, ndinatenga lezala latsopano, n'kupala dzina langa pang'onopang'ono mpaka kabokosi kanayera, pepala osabooka. Kenako ndinalemba ndi inki: E. Makwinja.

Hafu seveni inandipeza ndili pomwepo. Mayi Tadala analowa, anaima pambali panga, anawerenga dzinalo. "Bambo Mbewe, mukutani?" Ndinati ndikukonza cholakwika chakale. Ndinapita pakhomo, ndinatseka buku, ndinachotsa bolopeni m'thumba la malaya, n'kuwapatsa zonse ziwiri ndi manja awiri.

A Jumbe anafika itangokwana teni, matope ali m'mapazi a buluku, akupuma mothamanga. Anaima pakhomo n'kumayang'ana patebulo pamene pankakhala buku, popanda kanthu.

"Akulu, ndisaine pati?"

"Nazale mwathirira?"

"Ndathirira."

"Yonse?"

"Yonse, akulu."

"Ndiye khalani pansi mujambule."